Chingwe choganizira ndinamangira mbuzi

Ndiyambe ndi kuulula ndekha uchitsiru wanga, chifukwa anthu a kuno akakuuzani adzathira nsinjiro zambiri. Ine mpaka imvi kudzaza mutu uno ndinkakhulupirira kuti buleki ili ngati mwana woleredwa bwino: wamkulu akati "ima", amaima pomwepo, manja kumbuyo. Ndikamva kuti galimoto yagunda mbuzi pamsewu wa ku Zobue ndinkangoti dalaivalayo ndi wamwano, sanafune kuima. Zoti chinthu chingauzidwe kuti chiime, n'kuvomera bwinobwino, koma n'kumapitabe, ndinkaziona pa ana anga okha. Lero ndili ndi chipsera pachigongono ndi dzina latsopano limene sindinapemphe kwa munthu. Khalani pansi ndikuuzeni mmene ndinazipezera.

Sukulu ndinalekezera sitandade 5 (aphunzitsi ndi ine tinagwirizana kuti tasangalatsana mokwanira). Kuchokera pamenepo moyo wanga wonse wakhala wa manachesi ndi njinga yakapalasa, kutsika kuchoka kwathu kwa Nthache kupita pa Boma, madengu awiri kumbuyo. Buleki ya njingayo inali patapata wanga. Ndinkangokanikiza phazi pa tayala lakutsogolo, fungo la mphira wopsa n'kumveka, njinga n'kuima ikafuna. Sindinawerengepo kuti imatenga mtunda wotani. Munthu sawerenga zimene wazolowera.

Ndiye kunabwera chaka chija manachesi anabereka mpaka kuthyola nthambi. Nditagulitsa, ndinakagula njinga yamoto kwa mnyamata wina amene anaitenga kutsidya kwa malire. Yofiira, yogwirako kale ntchito, koma ikalira agalu a mudzi wonse ankaimirira.

Mkazi wanga, a Nasibeko, anaizungulira kawiri ngati munthu amene akuyang'ana mbuzi yodwala pamsika.

"Bambo a Esinati, ichi mwagulachi ndi chokwera, kapena ndi bokosi loti likakutuleni lokha kumanda?"

"Ndi chitukuko, mayi."

"Chabwino. Tsiku limene chitukukocho chidzagunde kanthu, kaya nkhuku, kaya chulu, kiyi wake adzagona apa." Anagwira mfundo ya pakona pa chitenje chawo. (Amene muli pabanja mukuidziwa mfundo imeneyo. Cholowa m'menemo sichionanso dzuwa.) "Njingayo ndidzapatsa anyamata a kabaza, inu mudzabwerere ku patapata wanu."

Ndinavomera pamaso pa mboni, ndikuseka. Munthu wokhala ndi mabuleki awiri, ina ya dzanja ina ya phazi, angagunde bwanji kanthu?

A Nasibeko sanakhutire. Anaitanitsa mkamwini wathu, a Zuze, mwamuna wa mwana wathu Esinati, amene nyumba yawo ili kuseri kwa yathu. A Zuze makolo awo anabwera kuno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo iwo amayendetsa thiraki ya ku Beira. Sabata imeneyo thiraki yawo inali pamzere pamalire kudikira mapepala, ndipo mapepala a pamalire amayenda ngati nanzikambe, choncho nthawi anali nayo yambiri.

Mkamwini kuphunzitsa apongozi ake ndi katundu wolemera kuposa konteina. Anabwera, n'kunjuta chapatali pafupi ndi nkhokwe, maso pansi.

"Bambo, sikuti ndikukuphunzitsani, ayi. Ndikungokumbutsa zimene inu mukudziwa kale."

"Kumbutsani, mwana wanga."

Anatola kamtengo n'kulemba mzere wautali padothi, n'kuudula pakati.

"Kuima kuli pawiri, bambo. Pali mtunda woganiza, pali mtunda woponda. Maso akaona mbuzi, amauza mutu. Mutu umafunsa kaye kuti kodi ndi mbuzidi. Kenako umatuma phazi. Nthawi yonseyo njinga siikudziwa kanthu, ikungothamanga mmene inkathamangira. Umenewo ndiwo mtunda woganiza."

"Pitirizani."

"Tinene kuti singano ya liwiro yaloza pa 36. Pamenepo njinga imadya mamita khumi pa sekondi iliyonse."

"Bwanji 36? Wotchi yanga yalemba 20, 40 ndi 60."

"Pa 36 masamu sakangana, bambo."

Ndinaikonda nambala imeneyo pomwepo. Ine ndi masamu tinasiyana titakangana kwambiri, ndiye kumva kuti pali malo amene amakhala mwamtendere kunandikhudza mtima.

"Tsono mukaponda," a Zuze anapitiriza, "buleki siidula liwiro lonse kamodzi ngati chikwanje. Imabenthula pang'onopang'ono. Pamsewu wafumbi ngati wathu uno, tinene kuti imachotsa mamita asanu pa liwirolo sekondi iliyonse. Munali pa khumi. Ikatha sekondi muli pa asanu. Ikatha ina mwaima. Masekondi awiri. Koma m'masekondi awiriwo mukuyendabe. Munayamba ndi khumi, mwathera pa ziro, pakatikati pake ndi asanu. Asanu kawiri ndi khumi. Mtunda woponda ndi mamita khumi."

"Nanga ndikafuna kuthamanga kawiri pamenepo?"

"Woganiza uwirikiza kawiri, koma woponda uwirikiza kanayi. Mamita makumi anayi oponda okhaokha."

"Kanayi? Ameneyo ndi katapira."

"Ndi mmene zilili, bambo."

A Nasibeko, amene ankasenda chinangwa pakhonde ngati sakumva, anaponyamo mawu: "Nanga woganizawo, kwa munthu ngati uyu, ndi wautali bwanji?"

Apa a Zuze anatuluka thukuta. "Kwa dalaivala wachinyamata, amene wagona bwino, timaika sekondi imodzi. Mamita khumi. Koma kwa..." Anatsokomola, n'kuyang'ana nkhokwe ngati ikhoza kuwathandiza. "Kwa anthu aulemu wawo timaika awiri."

"Mukuti ndakalamba?"

"Ayi, bambo. Ndikuti mutu wanu uli ndi zambiri zoti udutsemo."

Ndinakana kwamtuwagalu. Ndinati andiyese. A Zuze anati njira ilipo: munthu wina agwire nzimbe choimika, ine nditsegule dzanja pansi pake, aisiye mosandiuza, tione kuti ndiigwira itadutsa mfundo zingati. Woigwira anasankhidwa a Nasibeko, poti iwo sangandikondere.

Apa ndiye pamene panali chinyengo changa, ndipo ndikuuzani inu nokha. A Nasibeko akafuna kuchita kanthu, amayamba aluma mlomo wam'munsi. Akafuna kukalipa, amaluma. Akafuna kuponya chikho, amaluma. Ine ndakhala ndi moyo zaka zonsezi m'banja muno chifukwa chowerenga mlomo umenewo. Ndiye nzimbe sindinaiyang'ane n'komwe. Ndinayang'ana mlomo. Atangoluma, ine dzanja gwi. Pamfundo yoyamba. Kachiwiri, pamfundo yoyamba. Kachitatu ndinatsala pang'ono kuigwira asanaisiye.

A Zuze anakanda mutu. "Bambo dzanja lawo ndi la goloboyi."

"Lembani imodzi," ndinatero.

"Komatu pamsewu zimasiyana, bambo, chifukwa pamsewu simudziwa chimene chikubwera..."

"Lembani imodzi, mkamwini."

Analemba imodzi. Akanatani, munthu wokhala pamudzi pa eni ake?

Tsiku lomwelo anatenga chingwe cha nayiloni ku thiraki kwawo, n'kuyeza mamita makumi awiri, n'kumanga mfundo pakati.

"Mbali iyi ndi yoganiza, iyi ndi yoponda. Mukakhala pa 36, chilichonse chimene chili pafupi kuposa chingwe ichi, bambo, mwachigunda kale. Puronto." (Ndi mmene amatsekera nkhani anthu akwawo.)

Abale anga, munthu amene analekeza sitandade 5 musamamupatse masamu atakalamba. Amaledzera nawo. Ine ndinazungulira dera lonse ndi chingwe chija paphewa ndi kachitini ka laimu m'manja. Ndikafika pamalo pamene ndimaima kawirikawiri, ndinkayeza chingwe chonse kubwerera m'mbuyo, n'kupaka laimu pamtengo kapena pamwala. Mtengo wa buleki ya kutchalitchi. Mwala wa buleki ya pakamlatho. Mtengo wa buleki ya pabawo. Anthu ena anayamba kunong'onezana kuti boma likufuna kuika tala ndipo ine ndi amene ndapatsidwa ntchito yoyeza. Sindinawatsutse.

Pabawo ndiye ndinkaphunzitsa ulere. Mnzanga wa bawo, a Lapukeni, amene tinakulira limodzi ndipo ali ndi chifuwa chimene chakhala chikuwalonjeza imfa kuyambira kalekale, anandiyang'ana akutsokomola.

"Achimwene, masamu munawathawa muli ndi mano onse. Mwawapeza bwanji m'kamwa mutatsala mipata yokhayokha?"

"Nzeru zimalowera pamene pachoka dzino. Inu mukudziwa kuti mukathamanga kawiri buleki imafuna malo kanayi?"

"Ine ndimayenda pansi. Ndikafuna kuima ndimangosiya kuyenda."

Anthu osaphunzira ndi ovuta.

Koma posachedwa ndinaona chinthu chodabwitsa. Ndikafika pamtengo wa laimu n'kuponda, njinga inkaima pakati pa mtunda, pamene pakanakhala mfundo paja. Mamita khumi otsalawo ndinkachita kupalasa ndi mapazi ngati bakha, anthu a kutchalitchi akundiyang'ana. Tsiku loyamba ndinati mwina ndi mphepo. Lachiwiri chimodzimodzi. Pofika sabata yachiwiri ndinapeza yankho, ndipo linandisangalatsa kwambiri: ine ndine munthu wosafunika kuganiza. Anthu wamba ndiwo amaganiza kaye. Ine maso ndi phazi zimamvana zokha osadzera kumutu.

(Inu mwaona kale pamene panali vuto. Mtengo wa laimu sudzidzimutsa munthu. Ndinaupaka ndekha, ndinkauona ndili kutali, phazi linkafika pabuleki mtengowo usanafike. Kuganiza konse ndinkakhala nditakuchita kunyumba ndikumwa tiyi. Koma zimenezi ndazidziwa ndi chigongono.)

Ndiye tsiku lina mbuzi yathu yaikazi inadula chingwe chake n'kukalowa m'dimba la a Nasibeko, n'kumaliza mzere wonse wa mpiru. Kunali kulumwa kwa mlomo kwakukulu. Ine pofuna kubweretsa mtendere ndinatenga mpeni, n'kudula chingwe cha a Zuze pamfundo paja, n'kumangira mbuziyo.

"Chingwe cha mkamwini mwadula?"

"Ndadula mbali yoganiza yokha. Ine sindiigwiritsa ntchito."

"Zimenezo ndikudziwa," anatero a Nasibeko, n'kulowa m'nyumba.

Ndinaona ngati andiyamikira.

Mbali yopondayo ndinayamba kumangira madengu kumbuyo kwa njinga. Chisoti cholimba chimene ndinagulira limodzi ndi njingayo nkhuku inali itaikiramo kale mazira, ndipo munthu sungasamutse mayi woyembekezera, choncho ndinkayenda ndi chipewa changa cha masiku onse, chomangira kachingwe kuchibwano.

Tsiku lake linali Loweruka m'mawa, nyengo yozizira ija fumbi lili paliponse. Ndinamanga madengu awiri a manachesi omalizira, n'kunyamuka kupita pa Boma. Singano ndinaiika pa 36, pang'ono pansi pa 40, ndipo ndinkaisunga pamenepo ngati lamulo la Mose, poti ndi pokhapo pamene masamu ake ndinkawadziwa. Kamphepo kakundiomba, ine ndikuimba kanyimbo. Ndinali mnyamata.

Chakumunsi kwa mudzi wathu msewu umatsetsereka pang'ono n'kukhota pafupi ndi nyumba ya a Lapukeni. Pamenepo panalibe mtengo wa laimu, chifukwa sindinkaimapo. Nditangokhota, ndinaona nthambi zaziwisi zitaikidwa pamsewu, ina apa, ina apo, kutsika nazo.

Kwathu kuno nthambi pamsewu zimanena zinthu ziwiri. Mwina pamudzipo pagwa zovuta, ndiye wa galimoto amachepetsa liwiro, wa njinga amatsika n'kuvula chipewa, n'kudutsa akukankha. Mwinanso kutsogoloko galimoto yafa, ndipo dalaivala wathyola nthambi kuti achenjeze anzake. Zonse ziwirizi zimafuna chinthu chimodzi: ponda kaye, mafunso pambuyo. Ine ndinayamba ndi mafunso.

Sekondi yoyamba inapita ndi funso lakuti: maliro? A ndani, osamva ine uthenga?

Yachiwiri inabweretsa yankho. A Lapukeni. Chifuwa chija chakwaniritsa lonjezo. Dzulo lomweli ndinawabera pabawo iwo atatembenuka kukalavula, ndipo apita osadziwa. Misozi inayamba kulengeza.

Yachitatu ndiye mutu unachoka pampando, thupi n'kutenga ulamuliro. Thupi ili lapalasa njinga zaka makumi asanu, ladutsa pa maliro osawerengeka, ndipo limadziwa mwambo popanda kuuzidwa. Dzanja lamanja linasiya chigwiriro n'kupita kuchipewa. Mwendo wamanja unanyamuka kuti udumphire kumbuyo, nditsike mwaulemu monga ndinkachitira pa yakapalasa. Tsono amene anapanga njinga yamoto sanafunse anthu a kwa Nthache. Buleki ya dzanja anaiika kumanja. Buleki ya phazi anaiikanso kumanja. Ziwalo zanga zonse ziwiri zoimitsira zinali zitapita kumaliro.

Mwendowo sunafike n'komwe. Unakumana ndi dengu, n'kukodwa m'chingwe choponda chija. Ndiye ganizirani: nkhalamba ikutsika mtsetse, chipewa pachifuwa, mwendo umodzi m'mwamba ngati galu pamtengo, nkhope yachisoni.

Yachinayi ndi pamene ndinaona lole. Inali itaima pakati pa msewu kuseri kwa mtengo wa mango, ndipo matumba a madeya amene inanyamula anali atatsitsidwa n'kuunjikidwa kumbuyo kwake kuti ipepuke. Dzanja lamanzere, pofuna kuthandiza, linafinya chimene linapeza. Chimenecho ndi kilatchi, imene imalekanitsa injini ndi tayala. Njinga inamasuka ngati mwana wa sukulu tsiku lotsekera.

Pamenepo ndinabwerera ku chikhulupiriro changa chakale. Ndinaiuza ndi pakamwa, mwaulemu ndithu: "Ima."

Siinali yoleredwa bwino.

Za kugundako sindikumbuka zambiri. Ndikukumbuka phokoso ngati la munthu womenya matiresi, kenako dziko lonse kuyera. Madeya m'maso, madeya m'makutu, madeya m'malo ena amene sindingalembe poti izi amawerenganso ana. Manachesi anga ndinawamva akugubuduka kutsika mtsetse, aliyense ulendo wake, ena mpaka lero sanaime. Njinga inagona chammbali ikulirabe pang'ono, kenako inatsokomola n'kukhala chete.

Fumbi litachepa ndinapezeka nditagona chagada pamatumba, chipewa chidakali m'dzanja, pachifuwa. Pansi pa lole panatuluka munthu wamafuta thupi lonse, sipanala m'manja, maso ali tong'o. Ine mutu unali udakali pamaliro. Ndinadzuka pang'ono, n'kutsitsa mawu monga timachitira pasiwa.

"Pepani kwambiri. Watisiya ndani?"

Munthu uja anandiyang'ana, n'kuyang'ana chipewa, n'kuyang'ana lole yake.

"Giyabokisi, madala. Yatisiya m'mamawa uno."

Amayi ena amene ankachokera kumjigo anali atatula kale zidebe kuti athandize kutola manachesi. Atamva zimenezo mmodzi anakhala pansi m'fumbi momwemo, akufa ndi phwete. Wina anagwira mtengo wa mango kuti asagwe. Wachitatu, amene ndimamudziwa ndipo ndi wa kwaya, anayambitsa nyimbo ya maliro ndi mawu onjenjemera, anzake n'kuyankha.

Kenako chitseko cha nyumba yapafupi chinatseguka, n'kutuluka a Lapukeni, kapu ya tiyi m'manja, akutsokomola mwathanzi.

"A Lapukeni," ndinatero mosaganiza (taonani, apa pokha m'pamene ndinafulumira), "muli moyo?"

Anaima. Anayang'ana nthambi, n'kuyang'ana ine woyera ngati mzukwa, n'kumvetsa zonse.

"Achimwene, mwandiika kale m'manda? Ndiye chipepeso chake ndi manachesi? Bwerani nawo, ndilandira ndidakali moyo." Anatola limodzi n'kuyamba kusenda. "Zikomo pobwera mwamsanga. Ena amachedwa pamaliro, koma inu simunaime n'komwe panjira."

Dzina lija linabadwira pomwepo. Sindikudziwa analiyambitsa ndani, koma pofika masana dera lonse linkanditchula kuti a Khuzalole.

Ine nkhawa yanga siinali chigongono, ngakhale chinkatuluka magazi. Nkhawa inali mfundo ya chitenje. Ndinayamba kugawa manachesi ngati wandale, ndikupempha aliyense kuti nkhaniyi ithere pompano. Dalaivala wa lole, munthu wa sipanala uja, ndinamupatsa dengu lathunthu. Anavomera ndi mtima wonse kuti sauza munthu, koma anali ataimbira kale a Zuze, poti madalaivala onse amadziwana ngati mfiti.

Sipanapite nthawi, ndinawaona akutsika mtsetse. Patsogolo a Nasibeko. Pambuyo pawo, patali mwaulemu, a Zuze, amene thiraki yawo inalinso pamzere sabata imeneyo. Ndipo pambuyo pa onse, mbuzi.

"Mbuziyo ikudzatani?" ndinafunsa.

"A Zuze akuti akufuna chingwe choyezera," anatero a Nasibeko. "Ndikaimasula ikamaliza mpiru wanga. Ndiye yabwera ndi chingwe chake."

Anayamba andigwira mutu, kunditembenuza uku ndi uku, kundipinda mkono, kundiyang'ana m'maso. Ataona kuti palibe chothyoka anapuma mpweya wautali, n'kung'amba kansalu kundimanga chigongono mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira. Kenako analuma mlomo.

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati pangano lathu linanena za nkhuku ndi chulu, silinatchule madeya. Ndinati kunena zoona sindinagunde lole, ndinagunda katundu wake, amene anali pamalo olakwika. Ndinatinso nthambi zinaikidwa pafupi kwambiri, munthu sakanatha kuima.

"A Zuze, yezani," anatero a Nasibeko.

Ndiye mkamwini wanga, munthu woyenda maiko, anayamba kuyeza msewu ndi chingwe chokhala ndi mbuzi kumapeto. A Zuze agwire uku pa nthambi yoyamba, a Lapukeni akokere mbuzi kutsogolo mpaka chingwe chitakungika, alembe mzere, asunthe. Mbuziyo inkadya nthambi iliyonse imene yafikapo, kudya umboni. Amayi a kumjigo ankawerenga mokweza ngati ana a sitandade 1. Chingwe chinagona kamodzi, kawiri, katatu, kanayi, mbuzi n'kufika pamatumba n'kuyamba madeya.

Mamita makumi anayi. Ine ndinkafunika makumi awiri. Ngakhale akanandiwerengera masekondi awiri a anthu aulemu wawo aja, makumi atatu akanakwana, n'kutsala malo oti nditsike, ndivule chipewa, ndipereke moni.

A Zuze anabwerera kumtunda akuyang'ana pansi, kufunafuna pamene tayala linakhwekhwereza. Anayenda mpaka kunthambi yoyamba, n'kubwerera. Anapitanso. Panalibe kanthu, mzere wa tayala unali wosalala ngati wa njoka.

"Msewu uno ndi woterera, bambo," anatero, maso ali kumtengo wa mango.

Mvula inali isanagwe miyezi itatu.

"A Zuze," anatero a Nasibeko, "ulemu tauona. Tsopano nenani nambala."

"Masekondi anayi, mayi."

"Oganiza ndi oponda pamodzi?"

"Oganiza okhaokha, mayi. Oponda sanayambe."

A Nasibeko anatambasula dzanja osandiyang'ana. Ndinazula kiyi panjinga, n'kumupsompsona mumtima, n'kumuika m'dzanjamo. Ndinamuona akulowa pakona pa chitenje, mfundo n'kumangidwa kawiri. Njingayo anaikankha a Zuze kubwerera kumudzi. Ine ndinapatsidwa mbuzi.

Lero njinga yanga yofiira imandidutsa pamsewu itanyamula anthu ena, mnyamata wa kabaza n'kundiimbira hutala mwaulemu. Ine ndabwerera ku yakapalasa ndi patapata. Mitengo ya laimu idakalipo, ndipo anthu akudikirabe tala. Phunziro ndinalitenga: masamu a a Zuze analibe bodza, bodza linali nambala imene ndinawapatsa ine. Munthu ukanamiza masamu, iwo sakutsutsa, amangokakudikira pokhota. Komabe ndikamaganiza bwino, vuto lenileni ndi la amene anaika mabuleki onse kumanja. Akanaika imodzi kumanzere bwenzi nkhani ino kulibe, ndipo ndikufunafuna munthu wodziwa kuwotcherera kuti tikambirane.

Koma ndisatseke osakuuzani za madzulo a tsikulo. Titadya, ine chigongono chili chofiirira ndi mankhwala a kuchipatala, madeya akutulukabe m'khutu ndikapendeketsa mutu, ndinaona kuti a Nasibeko mtima watsika. Ndinayamba ndi mawu ofewa aja ndinawafunsira nawo mbeta.

"Mayi a Esinati, masekondi anayi okha pa moyo wonse wa munthu. Mungandilande njinga chifukwa cha masekondi anayi? Kiyiyo mundibwezera liti?"

Anayala bulangete, n'kugona, n'kutembenukira kukhoma. Ndinadikira. Mlomo sindinkauona, ndiye sindinadziwe chimene chikubwera.

"A Zuze anakuchitirani ulemu pa masamu aja," anatero. "Inu ndinakuuzani kuti 'imani' chaka chimene Esinati anabadwa, mpaka lero mukutsetserekabe. Chingwe choyezera mtunda umenewo sichinapangidwe. Kiyi mudzamuona mukadzaima. Tsopano zimitsani nyaliyo, a Khuzalole. Muyambe kuganiza zozimitsazo panopa, kuti pofika m'mawa ikhale itazima."